Tsamba Limene Linasowa

Tinalipeza m'belo la kaunjika pa Lizulu,
litapindidwa m'kati mwa jombo ya kumanzere:
buku la zithunzi lopanda chikuto,
masamba khumi ndi anayi onunkha dziko la eni.
Tinabisala nalo kuseri kwa matumba a mbatatesi,
ine, Zondiwe ndi Tiyesere,
chifunga cha Juni chikutiluma zala.

Munali ngwazi zitatu, ngati anachita kutiwerenga.

Tiyesere analoza chimphona cha thupi la mwala,
chimene njanji inapindikira pachifuwa pake
icho osaphethira n'komwe.
"Mtima ndi umenewu," anatero.
Zondiwe anaseka mpaka kutsokomola:
"Mwala umamva chiyani?
Kupirira ululu umene sukuumva
n'kudzitama kuti wasala nyama pomwe ulibe mano."

Ine ndinaima ndi mkazi wa chipewa chotuwa
amene ankamva maganizo a mzinda wonse nthawi imodzi,
ngongole, nsanje, mapemphero a pakati pa usiku,
koma kukacha n'kumanga zingwe za nsapato
n'kutuluka.
Ndinati mutu wolimba ndi umenewu;
ine mawu a munthu mmodzi yekha
ankandithawitsa pakhomo.

Zondiwe anakakamira kachitatu, kowonda ngati bango,
kosauluka, kopanda moto m'maso.
Tsamba lachisanu kagwa, kadzuka.
Lachisanu ndi chinayi kagwanso, kadzuka kakutsimphina.
Lomaliza kali pansi pa mlatho wogumuka,
dzanja lokha likuonekera m'fumbi.
Basi. Wina kutsidya kwa nyanja zamchere
anang'amba mapeto, mwina kuyatsira ndudu.

"Kafa," anatero Tiyesere.
"Kakupuma," anatero Zondiwe.
Anabetcherana chipisi cha pachiwaya.
Mabasi a ku Blantyre anayatsa nyali mlandu usanathe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zadutsa.
Ine ndili pachipatala cha Ntcheu,
ntchito yanga n'kukumbutsa miyendo zimene inaiwala.
Usiku ndimamva wodi yonse ikubuula,
kukacha ndimamanga nsapato.
Sindinena zambiri pamenepo.

Anabwera naye pa machila, Loweruka,
lole ya kabichi itagudubuzika chakufupi ndi Mlangeni.
Ndinamuzindikira ndi mpata wa m'mano.

Ojambula aja anatinamiza pang'ono.
Sajambula beseni la pansi pa bedi,
kapena mwamuna wa ndevu akulirira mayi ake
amene anawaika m'manda kalekale.
Zondiwe anandigenda ndi kapu.
Anatukwana denga, anatukwana lole,
anati, "Ndisiyeni, kodi simukumva?"
Lolemba anakana.
Lachiwiri anakana, nkhope kukhoma.
Tiyesere, amene amasenza matumba awiri nthawi imodzi,
anafika ndi nthochi, n'kuthera pazenera;
pakhomo la wodi mawondo anamuthawa.

Lachinayi la sabata yachisanu ndi chimodzi,
popanda ng'oma, popanda mphezi,
mayi wa pa bedi la kutsogolo akusenda lalanje la mwamuna wake,
chala chachikulu cha kuphazi chinasuntha
mtunda wa njere ya mawere.
Thukuta linamutsika ngati wakwera phiri la Dedza atabereka mphero.
Kenaka anagona tsiku lonse.
Mawa lake chala chinakananso.

Ndiye musandifunse kuti wolimba ndani.
Ndaona mwala ukunjenjemera pazenera.
Ndaona bango likupempha imfa m'mawa,
madzulo n'kufunsa ngati mbatatesi yakwera mtengo.

Dzulo anandibwereka cholembera.
Kuseri kwa pepala la mankhwala
anajambula mlatho wogumuka, fumbi, dzanja.
Ndinadikira kuti kamunthu kaja katuluke,
kaimirire, kakweze chibakera kumwamba.
Ayi. Anangopinda chala chimodzi,
n'kundibwezera cholembera.

"Ukamuuze Tiyesere alowe," anatero.
"Chipisi chija sindinaiwale."